Tsiku limene abambo anavinanso ndi mlongo wawo

Chaka chimene maso a abambo anachita ng'ala, ine ndinali nditabwerera kwathu ku Nkhotakota, ukwati wanga utatha. Amayi anali atamwalira kale, ndipo mchimwene wanga, amene tinabadwa awiri basi, anali ku Joni. M'nyumba yathu yakale ija, ya khonde lalitali loyang'ana kunyanja, tinatsala awiri, ine ndi abambo. Ndinaika makina anga osokera pakhondepo, ndipo moyo wanga unakhala wa mayunifomu a ana asukulu, madiresi a paukwati ndi kupinda zitenje.

Abambo ankati dziko lonse lalowa mu nkhungu, ija imafuka panyanja ngati utsi, kungoti yawoyo sinkachoka ndi mphepo. Munthu akaima patsogolo pawo ankangoona chithunzithunzi. Kuchipatala anatiuza kuti matendawo ngochizika, koma tidikire mpaka madokotala a maso adzafike, ndipo adzatiitana. Choncho tinkadikira.

Ndiyenera kunena kaye kuti abambo anali munthu wotani, chifukwa popanda kutero zimene zinachitikazi sizingamveke zodabwitsa. Anali munthu wa mawu ochepa, wamtali, wa kofiya yoyera imene sinkachoka kumutu. Anagwira ntchito yoyendetsa thalakitala ku minda ya nzimbe ku Dwangwa mpaka atapuma, ndipo atabwerera kumudzi njira yawo inali imodzi, ya kunyumba ndi kumzikiti. Wailesi ankatsegula pa nkhani ndi pa mauthenga a maliro. Pa maukwati ankakhala pampando manja ali pa mawondo, ena akuvina, iwo akuyang'ana kumbali ngati munthu wodikira basi. Ndinakula ndikudziwa kuti thupi la abambo silidziwa nyimbo.

Mchimwene wanga atamva kuti abambo sakuthanso kuwerenga, anatitumizira kasipika kakang'ono kudzera mwa dalaivala wina wobwera kuchokera ku Joni. Mkati mwake anaikamo memore yodzaza ndi mawu a Kurani owerengedwa mwapang'onopang'ono, kuti abambo azimvera. Sanandiuze kuti kumapeto kwake anawonjezako nyimbo zina. Iye amagwira ntchito kukhitchini ya malo ena odyera, ndipo kumeneko nyimbozo zimalira tsiku lonse. Zinamulowa, ndiye anaganiza kuti mlongo wake azimvera akamasoka.

Unali m'mawa wa mwera, mphepo ikukankha zitseko ndi kuwulutsa tizidutswa ta nsalu pakhonde. Abambo anali atakhala pa mpando wawo wa ndalema, atafunda bulangete m'mapewa, kasipika kali pa sitepe. Wowerenga uja anamaliza sura yomaliza, panakhala kachetechete pang'ono, kenaka panalira lipenga. Linayamba lokha, mokweza ndi mosathamanga, kenaka kunalowa timitengo tiwiri tomenyana, ng'oma za manja ndi maseche, ndipo pansi pa zonsezo panali kugunda kwina kwakuya kumene ndinakumva m'mimba ndisanakumve m'makutu. Ndinalumpha pa makina, manyazi atandigwira, kuti ndikazimitse. Abambo anakweza dzanja.

"Siya."

Ndinaima pomwepo. Nkhope yawo inali itatembenukira kumene kunali kasipika, pakamwa patatseguka pang'ono. Kenaka ndinaona chala chachikulu cha phazi lawo chikukwera ndi kutsika pa patapata. Mwamuna wina anayamba kuimba m'chinenero chimene sindinachidziwe, anzake akumuyankha, ndipo milomo ya abambo inkayenda limodzi ndi oyankhawo. Nyimbo itatha abambo anati, "Nyimboyi ndikuidziwa. Koma oimbawa si eni ake."

Masana ake ndinaimbira mchimwene wanga. Anaseka kwambiri nditamuuza za chala cha abambo, kenaka anafotokoza zimene ankadziwa. Anati ndi nyimbo zakalekale za ku Kyuba, zovinira, za m'Chisipanishi, koma zajambulidwanso posachedwa ndi anyamata ndi atsikana a masiku ano pofuna kulemekeza amene anaziyamba. Ena mwa oimbawo ndi adzukulu a oimba akalewo. Ndinawauza abambo zimenezi. Anagwedeza mutu nati ndiye kuti eni ake aja anapita, ndipo tsiku limenelo sanafunenso kumva kanthu.

Koma m'mawa mwake, atabwerako ku swala kumzikiti ndi kumwa tiyi, anandifunsa ngati kasipika kali ndi moto.

Masiku oyamba ankangodandaula. Ankati ana awa akuthamanga, sakuipatsa nyimbo mpata wopuma. Ankati zayera kwambiri, ngati mkanjo wochokera m'sitolo umene sunavalidwepo. Nyimbo zenizeni, iwo ankati, zinkabwera ndi kaphokoso kake, kuwayawaya ngati mvula ikugwa pa malata a nyumba ya kutali, ndipo woimba ankamveka ngati ali kuseri kwa mvulayo. Ndinafunsa kuti anazimva kuti, ndipo pang'onopang'ono, tsiku lina chiganizo chimodzi, tsiku lina zitatu, nkhani inayamba kutuluka.

Ali mnyamata, asanapite ku nzimbe, ankanyamula katundu wa wamalonda wina kuchokera pa doko kupita ku sitolo. Wamalondayo anali ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja, ndipo pakati pa mabelo a nsalu ndi zitini za palafini, sitima inkabweretsanso mbale za nyimbo, zakuda, zolemera, zokutidwa mu udzu kuti zisasweke. Zinkachokera kumpoto, ndipo kumpotoko ankati zachokera kugombe la nyanja yamchere, ndipo kumeneko sankadziwa kuti zachokera kuti. Loweruka masana galamafoni inkanyamulidwa pamutu kupita ku holo ina ya ku boma, ndipo achinyamata ankavala zimene anali nazo n'kukavina rumba ndi chachacha mpaka singano zitatha. Abambo anati chosangalatsa chinali pamene sipuling'i ikutha mphamvu nyimbo ili pakati. Woimba ankayamba kukoka mawu ngati munthu wogwidwa tulo, lipenga linkatsika, ndipo ovina onse ankatsika nalo, miyendo ikulemera ngati akuyenda m'madzi, mpaka wina athamange akapukuse, dziko n'kudzukanso.

Chimene chinawagonjetsa pa nyimbo zatsopanozi chinali kugunda kwakuya kuja. Tsiku lina anandiuza kuti ndibwezere nyimbo ina kangapo, khutu lawo atalisendeza pafupi. Anati mu galamafoni chigitala chachikulu chimene chimatulutsa kugunda kumeneku sichinkamveka n'komwe. Ankangochiganizira, chiuno chinkadziwa kuti pali chinachake pansi apo ndipo chinkachitsatira osachimva. "Ndiye chinalipo ndithu," anatero, akumwetulira ngati munthu amene wauzidwa kuti maloto ake a zaka zambiri anachitikadi. Kuyambira pamenepo anasiya kuwatchula kuti ana awa. Ankati adzukulu aja.

Mawu a nyimbozo sankawamva, iwo ngakhale anzawo onse a nthawi imeneyo. Ankangoimba mmene makutu awauzira. Panali liwu limodzi limene linkabwera pafupifupi m'nyimbo iliyonse, ndipo iwo ankalimva kuti kolasoni. Anagwirizana kuti Kolasoni ndi dzina la mwamuna wina wovuta kwambiri wa kumeneko, woti akazi onse akumulira ndipo amuna onse akumudandaula. Mnyamata akakhala wokonda akazi ankamutcha dzina limenelo. Ndinafufuza pa foni ndipo ndinapeza kuti liwulo limatanthauza mtima. Abambo anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene sindinawamvepo chibadwire, kenaka anapukuta maso awo oyerawo ndi nsonga ya bulangete nati tsono sanalakwitse kwenikweni, munthuyo ndi wovutadi.

Miyezi ya mwera ija ndimaikumbukira ngati tsiku limodzi lalitali. Phazi langa pa makina linaphunzira kuyenda ndi timitengo tija, ndipo nthawi zina ndinkazindikira kuti ndamaliza msoko wonse osauona. Azimayi obwera kudzayesa madiresi ankachedwa kuchoka, akutembenuka patsogolo pa galasi mochedwa kuposa mmene kuyesa kumafunira. Abambo ankawodzera n'kudzuka, nyimbo ili yomweyo kapena ina, osadziwa kuti agona nthawi yaitali bwanji. Mchimwene wanga anali atandiuza kuti dziko la Kyuba ndi chilumba, ndipo nakonso amalima nzimbe. Ine ndinkasoka ndikuona m'maganizo minda ya ku Dwangwa itazunguliridwa ndi madzi mbali zonse, anthu akuda ngati ife akutuluka m'nzimbe ndi malipenga m'malo mwa zikwanje. Azana akamveka kuchokera kumzikiti kuitanira anthu ku swala, abambo ankafufuza batani ndi chala n'kuzimitsa okha, ndipo Lachisanu kasipika sikankayatsidwa konse. Mnzawo wina wachikulire, amene ankabwera kudzawagwira dzanja popita ku swala, anawapeza tsiku lina akumvera. Anaima pa sitepe, kenaka anangofunsa ngati ilipo ija yoyamba ndi chitoliro.

Ndinachedwa kufunsa funso limene linali poyera. Ndinkaganiza kuti yankho ndikulidziwa. Tsiku lina ndikudula nsalu ndinati, "Ndiye amayi munawapeza ku holo komweko?"

Anati ayi, amayi sanapondepo mu holo, ndipo akanamva kuti mwamuna wawo anali wovina akanabisa nkhope. Ankavina ndi mlongo wawo. Anati m'boma monse munalibe ovina ngati awiriwo, moti anthu ankasiya kuvina n'kupanga bwalo. Iwo ankauza makolo kuti akuperekeza mlongo wawo kwa anzake, nsapato atazibisa mu dengu pansi pa masamba a chinangwa.

Azakhali ndinkawadziwa pang'ono chabe. Anali mayi wamkulu thupi amene ankafika pa maliro a pabanja, n'kukhala kumapeto kwa mphasa ya azimayi, n'kunyamuka mwambo ukangotha. Nkhani yawo tinkaimva m'manong'onong'o. Ali mtsikana anakondana ndi mphunzitsi wachikhristu wa ku Dwambazi, ndipo anamutsata n'kulowa tchalitchi. Agogo aamuna ananena kuti asadzapondenso pakhomo, ndipo amene anatumidwa kukanena mawuwo anali abambo, poti ndiwo anali mwana wamwamuna wamkulu. Agogo atamwalira palibe amene anafafaniza mawu aja, palibenso amene anawabwereza. Abambo ndi azakhali sanali pa udani. Akakumana pa maliro ankapatsana moni wathunthu, kufunsana za ana ndi za mvula, ngati anthu amene anakwerapo basi imodzi.

Uthenga wa kuchipatala unafika mwera ukutha. Anati madokotala abwera sabata yotsatira ndipo abambo ali pa gulu loyamba. Ine ndinasangalala, koma abambo sanasangalale. Ndinawauza kuti opaleshoni yake ndi yaing'ono, anthu amalowa n'kutuluka akuyenda okha. Anayankha kuti mpeni ndi mpeni, ndipo munthu wa msinkhu wawo sagona pa tebulo la dokotala asanakonze za pakhomo. Ndinaganiza kuti akunena za munda wa mpunga. Koma anati ndiwasitire mkanjo wa Idi, ndipo nditchaje kasipika kadzaze, mawa tikupita ku Dwambazi.

Tinakwera minibasi m'mawa. Kondakitala ataona ndodo ndi maso awo anawapatsa mpando wakutsogolo, ine ndinakhala kumbuyo kwawo, dzanja langa lili pa phewa lawo. Ankandifunsa kuti tafika pati, ndipo ndikawauza ankawonjezera zimene zinalipo kale pamalopo, mtengo wa mkuyu umene unadulidwa, mlatho wa matabwa umene unkalira galimoto ikamadutsa. Titayandikira Dwangwa sanafunsenso. Fungo la nzimbe zootchedwa linalowa pa windo, lotsekemera ndi lowawa pamodzi, ndipo timaphulusa takuda tinkagwa pang'onopang'ono mumlengalenga mopanda mphepo, kutera pa mkanjo wawo woyera. Ndinkatichotsa ndi chala, iwo osadziwa. Minda inkapita mbali zonse mpaka kumapiri, yobiriwira kwina, yakuda kwina, ndipo anthu odula nzimbe ankaoneka aang'ono kwambiri pakati pake. Chilankhulo cha okwera chinayamba kusintha, mawu a kumpoto akuchuluka pa siteji iliyonse.

Kuchokera pa msewu tinayenda pang'ono, ndikufunsa njira. Nyumba ya azakhali inali ya njerwa zootcha, pafupi ndi dambo la mtsinje, ndipo bwalo lonse linali loyera ndi chinangwa choyanika pa mathandala. Amuna awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, ana ali m'matauni. Tinawapeza atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, miyendo yotupa ataitambasula, akusenda chinangwa chovuula. Anatiyang'ana tikubwera, mpeni uli m'manja. Anayamba kundizindikira ine, kenaka anaona amene ndawagwira dzanja, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti wamwalira ndani.

Abambo anati palibe, angobwera kudzawaona. Azakhali anayang'ana maso a abambo nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti amvetsa kuti kuona kumene akunenako si kwa maso. Anandituma kukatenga mipando m'nyumba. Moni unayenda mwa dongosolo lake, ana onse mmodzimmodzi, mawondo, maso, mitengo ya feteleza. Kenaka azakhali anaitana mayi woyandikana nawo n'kumupempha kuti akaitane msodzi wina wachisilamu wa kumunsi, abwere adzazinge nkhuku. Ndinaona abambo akuweramitsa mutu. Itakwana nthawi ya swala ya masana, azakhali anatulutsa mkeka watsopano ndi madzi mu ketulo, n'kuwatembenuza abambo m'mapewa kuti ayang'ane kolondola. Sanafunse munthu kuti ndi mbali iti.

Titadya, nkhani zinatha. Kunali kotentha, nkhunda zikulira m'mitengo ya kudambo, ndipo tonse atatu tinkangoyang'ana chinangwa chikuuma. Ndinayamba kuganiza kuti ulendo wathera pomwepa, ndipo mwina n'zokwanira. Pamenepo abambo anandigunda ndi chigongono.

Ndinatulutsa kasipika m'chikwama n'kukaika pa mtondo wogadabuza. Ndinasankha ija yoyamba ndi lipenga lokha. Azakhali anali atatenganso mpeni wawo. Lipenga litalira dzanja lawo linaima pakati pa chinangwa. Sanatembenuke. Anamvera mpaka oyankha aja atalowa, kenaka, akuyang'anabe pansi, anati, "Achimwene, kodi Kolasoni uja akadali moyo?"

"Alipo, chemwali. Sanasinthe."

Anaseka onse awiri, kuseka kofanana, kotulukira m'mphuno, ndipo ndi pamene ndinaona koyamba kuti anthuwa anabadwa mimba imodzi. Ndinawauza azakhali tanthauzo la liwulo, ndiponso kuti oimbawa ndi adzukulu a aja a m'mbale. Anati adzukuluwo analeredwa bwino. Anamvera nyimbo yachiwiri akugwedeza mapewa pang'ono, ndipo yachitatu itayamba, yoyenda pang'onopang'ono, abambo anaimirira n'kusiya ndodo pa mpando. Anatambasula dzanja kumene ankaganiza kuti kuli mlongo wawo. Linaloza pambali pang'ono, ku mtengo.

Azakhali anati mawondo awo anatha kalekale, ngakhale kutchalitchi amaimba atakhala. Abambo sanabweze dzanja. Ndiye azakhali anapukuta manja pa chitenje, anagwira phewa langa n'kudzikoka, anayenda masitepe awiri n'kukaima pamene dzanjalo linaloza.

Sindidziwa chimene ndinkayembekezera. Mwina kuzungulira ndi kuponya miyendo, monga m'mafilimu. Iwo sanachoke n'komwe pa kamalo kokwana mphasa imodzi. Dzanja lamanja la abambo linapita pamsana pa azakhali, lamanzere linanyamula dzanja lawo m'mwamba pang'ono, misana inawongoka, ndipo anadikira. Anadikira mpaka ndinaganiza kuti aiwala. Kenaka pa kugunda kwina kumene ine sindinakumve, onse awiri anasuntha limodzi. Mapazi ankangokwekwereza mchenga, kutsogolo pang'ono, kumbali, kubwerera, koma chiuno chinkachedwa m'mbuyo mwa phazi n'kumalitsata mwaulemu, ndipo mitu inali phee ngati asenza mitsuko yodzaza. Abambo anatseka maso. Azakhali ankayang'ana pamwamba pa phewa lawo, kutali, kumene kunalibe kanthu koma nthochi ndi thambo loyera ndi kutentha.

Ndinamva azakhali akunena motsitsa kuti kumbuyo kuli thandala, ndipo anawakoka pang'ono. Abambo anati kale wotsogolera anali iwo. Azakhali anati kale ankaona.

Mayi woyandikana uja anabwera n'kuima pa mpanda, ndowa ili pamutu, osaitula. Nkhuku zinkadutsa pakati pa miyendo yawo. Mkanjo woyera ndi chitenje chofiira zinkayenda pakati pa kuyera kwa chinangwa, ndipo kwa kanthawi ndinasiya kuona nkhalamba ziwiri. Sindikunena kuti ndinaona achinyamata. Ndinaona anthu awiri amene sindinkawadziwa, amene anakhalapo ine ndisanabadwe ndipo anali ndi zawo zimene sizinkandikhudza. Ndinachita manyazi pang'ono kuwayang'ana, koma sindinathe kuyang'ana kwina.

Anamaliza nyimbo imeneyo n'kuyamba ina, koma ili pakati bondo la azakhali linakana. Anakhala pansi akupuma mwamphamvu, thukuta lili mbwee, akudandaula kuti mawa sadzuka. Abambo anakhala pambali pawo, dzanja silinasiyane ndi la mlongo wawo. Ndinatsitsa kasipika n'kupita kukatsuka mbale kuseri kwa khitchini, koma mawu ankandipeza. Azakhali anafunsa ngati agogo anawatchulapo asanamwalire. Abambo anati sanawatchule, sanganame. Anawonjezera kuti iwo ndi amene ankayenera kubwera kale. Azakhali anati, "Mwabwera," ndipo anayamba kufunsa za opaleshoni, tsiku lake, ndi amene akawadikirire.

Tinagona komweko, ndipo m'mawa tinabwerera ndi thumba la ufa wa kondowole ndi nsomba zouma.

Tsiku la opaleshoni ndinawasiya abambo pa benchi ya chipatala pakati pa nkhalamba zina, aliyense ali ndi kachizindikiro pamwamba pa diso loti lichitidwe, ndipo ndinatuluka kukagula madzi. Pa geti ndinapeza azakhali akutsika pa njinga yamoto, woyendetsa akuwathandiza mwendo umodzi kenaka winawo. Ananyamuka kwawo kusanache. Anati mwana mmodzi sangadikirire wodwala yekha ngati kuti banja linatha. Madzulo a tsikulo, abambo ali ndi bandeji kumaso, azakhali analowa m'nyumba imene anabadwiramo. Anaima pakhomo kaye, akugwira felemu ya chitseko, nati chitsekochi chinali chachikulu kale. Kenaka analowa n'kufunsa kumene ndimasunga mchere.

M'mawa mwake namwino atachotsa bandeji, abambo anaphethira nthawi yaitali, misozi ikutsika. Anayang'ana manja awo, kenaka ine, nati ndayamba imvi ndipo palibe anawauza. Atatembenukira kwa azakhali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chemwali, ndimavina ndi munthu wamkulu chonchi osadziwa?"

Azakhali anati akanadziwa akanapempha dokotala kuti asiye ng'alayo pomwepo.

Diso litapola, mchimwene wanga anatumiza kanema wa oimba aja. Tinaonera atatu pakhonde, mitu itagundana pa foni. Anali m'chipinda chachikulu cha mawindo otsegula, atavala wamba, ena ma jini, ena osavala nsapato. Chigitala chachikulu chija, chotalika kuposa munthu, chinkaimbidwa ndi mtsikana wochepa thupi wa tsitsi lomanga, atachikumbatira ngati akuvina nacho. Abambo anati ndibwezere pamenepo. Pakona panali nkhalamba ina ya chipewa, itakhala pa mpando, yosaimba chilichonse, ikungomenya bondo ndi dzanja ndipo nthawi zina ikuloza woimba lipenga kuti adikire. Abambo ndi azakhali anagwirizana kuti ameneyo ayenera kuti ndi mmodzi wa eni ake, wotsala yekha, ndipo anakangana kwa nthawi ndithu ngati nkhope yake ikusonyeza kukondwa kapena ayi.

Azakhali anati akhala masiku ochepa, koma anakhala mpaka mango atayamba kupsa. Sanavinenso, bondo lija silinalole, ngakhale nyimbo zinkalira m'mawa uliwonse ndipo ankakangana za anthu a mu holo, amene anakwatira uje, amene anamira, amene ankaponda anzake. Lamulungu loyamba azakhali anavala bulauzi yoyera n'kufunsa njira ya kutchalitchi, poti misewu inasintha. Ndinati ndiwaperekeza, koma abambo anali atavala kale kofiya ndi magalasi akuda a kuchipatala. Ndinawayang'ana ali pa njira yamchenga, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo a azakhali, akudutsa pa mzikiti pamene amuna ena anali atakhala pa khonde. Abambo anawapatsa salamu amunawo mokweza, n'kunena kuti awa ndi mlongo wawo wa ku Dwambazi. Pa mphambano anawalozera azakhali kumene kunkalira belu, anaima mpaka atakhota, kenaka iwo anatsikira kunyanja kukaona mabwato akubwera ndi usipa.